Kutsatira mpikisano wa magalimoto wa WRC uli ku Blantyre: njira iti ikugwirizana ndi nthawi ndi thumba lanu?

Munthu wokonda mpira wamiyendo mumzinda wa Blantyre savutika kupeza koonera, chifukwa Loweruka masana pafupifupi malo aliwonse okhala ndi kanema ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Chilomoni amakhala ataika masewero a ku England, ndipo tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers nkhani yake imamveka ngakhale m'minibasi. Wokonda mpikisano wa magalimoto wa World Rally Championship, umene ambiri amangoufupikitsa kuti WRC, zake n'zina. Iye amayenera kudzifunira yekha njira, ndipo njira iliyonse ili ndi mtengo wake, kaya wa ndalama, wa bandulo, wa tulo, ngakhalenso wa mtendere wa pakhomo.

Tisanayerekeze njirazo, ndi bwino kumvetsa kaye kapangidwe ka mpikisanowu, pakuti ndiko kamene kamachititsa kuti kuutsatira kukhale kosiyana ndi kuonera mpira. WRC inayamba mu 1973 pansi pa FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, ndipo masiku ano chaka chimodzi chimakhala ndi mipikisano 13 kapena 14 m'maiko osiyanasiyana, kuyambira ku Monte Carlo mu Januwale mpaka chakumapeto kwa Novembala. Mpikisano umodzi umatenga masiku atatu kapena anayi, kawirikawiri kuyambira Lachinayi mpaka Lamlungu, ndipo umagawidwa m'masiteji, kutanthauza zigawo za msewu zothamangapo powerengedwa nthawi, pafupifupi 20 amene onse pamodzi amakwana makilomita ngati 300. Magalimoto sanyamukira limodzi ayi. Iliyonse imanyamuka payokha, ina ikatha mphindi ziwiri kapena zitatu ina n'kutsatira, ndipo wopambana ndi amene nthawi zake zonse zikaphatikizidwa zachepa kuposa za anzake. Choncho mdani weniweni wa dalaivala ndi wotchi, ndipo woonera amene sakuona manambala a nthawi amangoona magalimoto akuthamanga m'fumbi osadziwa kuti akupambana ndani. Ku Sardinia mu 2024, Ott Tänak anapambana Sébastien Ogier ndi masekondi 0.2 okha pambuyo pa masiku atatu a liwiro, Ogier ataphulitsa tayala pa siteji yotsiriza. Kusiyana kotere diso silingakuone, kumaoneka pa wotchi basi.

Njira imene imakopa aliyense poyamba ndi yolipira kuti uonere siteji iliyonse pomwe ikuchitika kudzera pa Rally.tv, kanema wa pa intaneti woulutsa mpikisanowu, imene inayamba mu 2023 kulowa m'malo mwa WRC+ All Live. Ubwino wake ndi wosakanika. Mumaona galimoto kuchokera m'mwamba pa helikopita, mumalowa m'kati mwake kudzera pa makamera oikidwa kuseri kwa dalaivala, ndipo mumamva mnzake wokhala pambali akuwerenga mofulumira kabuku kofotokoza njira, kuti kutsogoloku kuli kona yakumanzere yakuthwa motani, pali chitunda chodumphitsa galimoto, kapena pali mwala woyenera kuulambalala. Dalaivala akangomaliza siteji, mtolankhani amamufunsa pawindo thukuta lisanaume, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amadziwa khalidwe la aliyense: wina amadandaula za msewu, wina amaloza matayala, pomwe Kalle Rovanperä, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2022 ali ndi zaka 22 zokha, anazolowereka ndi kuyankha mwachidule ngati kuti palibe chachilendo chimene chachitika. Amene akufuna kuphunzira masewerowa mozama sangapeze sukulu yoposa imeneyi.

Komabe, walira mvula walira matope. Malipiro ake ndi a ndalama zakunja, ndipo amafuna khadi la kubanki lololedwa kugula zinthu pa intaneti kunja kwa dziko, chinthu chimene aliyense wodziwa mmene ndalama zakunja zakhala zikusowera m'dziko muno sangachitenge mopepuka.  Mukadutsa chopinga chimenecho mumakumana ndi cha bandulo, pakuti kanema wooneka bwino amatha kudya gigabaiti imodzi kapena kuposerapo pa ola, ndipo mpikisano umodzi umaulutsidwa maola ambiri tsiku lililonse. Amene ali ndi intaneti yopanda malire kunyumba kapena kuntchito angapirire, koma wodalira bandulo ya pafoni adzapeza kuti pofika Loweruka m'mawa yatha, mpikisano usanafike n'komwe pokoma. Palinso nkhani ya magetsi, imene sindifunika kuifotokozera munthu wa ku Blantyre. Ine ndinaphunzira mowawa tsiku lina Lamlungu, magetsi atazima magalimoto atatu otsogola asananyamuke pa siteji yotsiriza, kuti laputopu yodzaza moto ilibe ntchito ngati kachipangizo kobweretsa intaneti kazima nawo. Wosankha njira imeneyi aganizire za pawabanki kapena sola asanalipire.

Chinanso chimene anthu sachiwerengera ndi chakuti tsiku lalikulu la mpikisano ndi Lachisanu, lomwe kwa ambiri a ife ndi tsiku la ntchito. Lachisanu ndi lofunika chifukwa cha lamulo la ndondomeko yonyamukira: amene akutsogola pa mapointi a chaka chonse ndiye amayamba kulowa mumsewu. Pa misewu ya dothi ngati ya ku Portugal, ku Sardinia ndi ku Greece, woyambayo amasesera anzake miyala ndi mchenga wapamwamba, moti obwera pambuyo amapeza njira yolimba ndipo amathamanga kwambiri. Loweruka ndondomeko imatembenuzidwa motsatira zotsatira za Lachisanu, kotero kuti amene wataya nthawi Lachisanu amalangidwanso mawa lake. Ngati mwalipira ndalama zambiri koma Lachisanu lonse muli mu ofesi ku Ginnery Corner kapena m'sitolo ku Limbe, ndiye kuti gawo limene limaumba mpikisano wonse lakudutsani.

Apa ndi pamene njira ina, yooneka yonyozeka, imaonetsa mphamvu zake. Webusaiti ya WRC imaika nthawi za galimoto iliyonse kwaulere pomwe siteji ikuchitika, kuphatikizapo nthawi zotengedwa pa zizindikiro za pakati pa siteji zimene zimasonyeza ngati dalaivala akupindula kapena akutaya masekondi poyerekeza ndi amene wathamanga bwino kuposa onse. Ndi manambala chabe, opanda chithunzi kapena phokoso la injini, ndipo bandulo imene amadya ndi yochepa kwambiri moti ngakhale netiweki ikhale yofooka amatsegukabe. Munthu angathe kuyang'ana pafoni mphindi imodzi ali pamzere kubanki, n'kudziwa kuti dalaivala ngati Elfyn Evans wataya masekondi asanu ndi atatu, kenako n'kubweza foni m'thumba. Kwa woyamba kumene njira imeneyi imaoneka yowuma ngati nsima yopanda ndiwo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mipikisano iwiri kapena itatu, manambala aja amayamba kulankhula. Mukaona dalaivala ali bwino pa chizindikiro choyamba ndi chachiwiri, kenako pa chachitatu wataya mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, mumadziwa kuti mwina waima kusintha tayala, chifukwa iye ndi mnzake amachita okha ntchitoyo ndi jeke ndi sipanala zimene amanyamula m'galimoto. Mukaona kuti akutaya pang'onopang'ono pa chizindikiro chilichonse, mumaganiza za matayala osayenera kapena vuto la injini. Ndipo dzina likangoima osafika pa chizindikiro chotsatira, mtima umagunda, pakuti mwina galimoto yalowa m'tchire.

Kwa ine, imeneyi ndiyo msana wa kutsatira WRC kuno kwathu, ndipo njira zina zonse ndi zoonjezera pa iyo. Chofooka chake n'chakuti imakuuzani kuti chinachake chachitika koma osakuuzani chifukwa chake, motero imayenera kuyenda limodzi ndi malo olemba nkhani za mpikisanowu. DirtFish ndi imodzi mwa nyumba zofalitsa nkhani zimene zimatumiza atolankhani ku mpikisano uliwonse, ndipo masamba a matimu atatu akuluakulu, Toyota Gazoo Racing, Hyundai ndi M-Sport Ford, pa Facebook ndi pa X amalengeza msanga galimoto yawo ikakumana ndi vuto. Amene amakonda mbiri angapeze pa webusaiti ya eWRC-results zotsatira za zaka zambirimbiri, kuphatikizapo za nthawi imene Sébastien Loeb anatenga ukatswiri kasanu ndi kanayi motsatizana kuyambira 2004 mpaka 2012 ali ndi Citroën, ndi za zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira pamene Ogier sanalole wina kukhudza chikho. Zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo ndi chopinga chenicheni kwa ena, ngakhale kuti manambala alibe chilankhulo.

Makanema afupiafupi a pa YouTube, amene WRC ndi matimu amaika tsiku lililonse la mpikisano, ndiwo amadzaza mpata umene manambala amasiya. M'mphindi zochepa mumaona kudumpha kotchuka kwa ku Fafe ku Portugal, magalimoto akuuluka pa zitunda za m'nkhalango za Jyväskylä ku Finland, kapena akutsamira pa makoma a chipale chofewa ku Sweden, kumene amagwiritsa ntchito matayala okhala ndi timisomali. Mungathe kuwakopera usiku pa bandulo yotsika mtengo n'kuwaonera m'mawa. Koma ndikuchenjezeni kuti okonza makanemawa amasankha zochititsa chidwi, monga ngozi, kugubuduzika ndi kudumpha, ndipo munthu wodalira iwo okha amayamba kuganiza kuti mpikisanowu ndi wa anthu osasamala moyo. Zoona zake n'zakuti ukatswiri wa chaka umapita kwa wodziwa posunga galimoto. Thierry Neuville anathera zaka zambiri akumaliza wachiwiri asanatenge chikho mu 2024 ndi Hyundai, ndipo chaka chimenecho anapambana mipikisano iwiri yokha, ya Monte Carlo ndi ya Acropolis ku Greece. Chimene chinamupatsa ukatswiri ndi kutolera mapointi mosadukiza, ndipo zimenezo sizioneka m'kanema wa mphindi zitatu. Vuto lina laling'ono n'lakuti mutu wa kanema umaulula wopambana musanaonere, choncho wofuna kudzisungira chidwi asatsegule YouTube Lamlungu madzulo.

Za kanema wa dishi sindichulukitsapo mawu. Amene ali kale ndi dikoda ayang'ane ndandanda ya matchanelo a zamasewero sabata ya mpikisano, chifukwa ngati pali pulogalamu ya WRC ndiye kuti aonera pa sikirini yaikulu popanda kudya bandulo. Koma kugula phukusi lokwera mtengo chifukwa cha WRC yokha sikungakhale kwanzeru, ndipo pa malo oonera anthu ambiri, kupempha kuti achotse Arsenal aike magalimoto ndi kudziputira mkwiyo wa chipinda chonse.

Pali nzeru ina yapakati imene ndimaikonda, yomwe ndi kusankha ola limodzi lokha loonera pomwe zikuchitika, ndipo ola limenelo ndi la Power Stage. Imeneyi ndi siteji yotsiriza ya Lamlungu, imene inayambitsidwa mu 2011, ndipo madalaivala asanu othamanga kwambiri pa iyo amalandira mapointi apadera kuyambira 5 kutsika mpaka 1. Kuyambira 2024 anaonjezanso mapointi ena a Lamlungu lonse, ndipo pa malamulo a 2025 wopambana mpikisano amatenga 25, pomwe amene wapambananso Lamlungu ndi Power Stage angafike pa 35. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale amene galimoto yake inawonongeka Lachisanu amabwerera Lamlungu ndi mphamvu zonse kudzasaka mapointi khumi a Lamlungu ndi Power Stage. Pa mipikisano ya ku Ulaya siteji imeneyi imachitika masana, nthawi imene ambiri amakhala atabwerako kutchalitchi. Anthu anayi kapena asanu ogwirizana angathe kusonkherana, kukumana pakhomo pa mmodzi amene ali ndi intaneti yodalirika, n'kuonera limodzi, ndipo mtengo ukagawidwa motere umapepuka kwa aliyense.

Nkhani ya nthawi imatikomera kuposa mmene ambiri amaganizira. Malawi ali patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Monte Carlo ndi Sweden m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, amafanana nthawi ndi Italy pakati pa chaka, ndipo ali kumbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Kenya, komanso Finland, Estonia ndi Greece pa nyengo yawo yotentha. Ndiye kuti mipikisano yambiri imachitika dzuwa lili kunja kuno. Yovuta ndi ya ku Japan, kumene ali patsogolo ndi maola asanu ndi awiri, moti siteji yoyamba 7 koloko m'mawa kumeneko imapezeka pakati pa usiku ku Blantyre. Ya ku South America, monga ku Chile ndi ku Paraguay, imayamba masana athu n'kutha usiku. Pa mpikisano wa ku Japan, ngakhale wolipira Rally.tv amadzuka m'mawa n'kuyamba waona manambala ngati wina aliyense.

Tsopano tifike pa njira imene siingafanane ndi ina iliyonse, yopita kukaona ndi maso. Mwayi wathu ndi wakuti mpikisano umodzi wa WRC umachitikira mu Africa, ndipo si kutali kwenikweni. Safari Rally ya ku Kenya inayamba mu 1953, inatuluka mu WRC pambuyo pa 2002, ndipo inabwereranso mu 2021 likulu lake lili ku Naivasha, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Nairobi. Kuyambira 2024 inabwezeredwa m'mwezi wa Malichi, nyengo imene mvula imatha kugwa nthawi iliyonse, moti siteji ngati ya Sleeping Warrior imasanduka matope m'kanthawi kochepa, pomwe kwina magalimoto amatitimira mu fumbi losalala ngati ufa limene amalitcha fesh-fesh. Mbiri yake ndi ya anthu a kum'mawa kwa Africa kuno: Shekhar Mehta anapambana kasanu, Joginder Singh katatu. Chibwerereni mpikisanowu Toyota yauchita ngati munda wake, ndipo mu 2022 ndi 2023 inatenga malo onse anayi oyambirira, zomwe zimamveka bwino kwa munthu wa m'dziko limene misewu yake yadzaza ndi magalimoto a kampani yomweyo.

Ulendo wa ku Naivasha ndi wa ndege kupita ku Nairobi kwa amene angakwanitse, kapena wa pamsewu wa masiku angapo kudzera ku Karonga, pachipata cha Songwe, kudutsa Tanzania mpaka kukalowa Kenya pa Namanga. Malo ogona amadzaza msanga ndipo mitengo imakwera sabata imeneyo, msewu wochokera ku Nairobi umathithikana ndi magalimoto a anthu opita kukasangalala, ndipo muyenera kudzuka m'bandakucha kuti mukafike pa siteji asanatseke njira. Chodabwitsa n'chakuti munthu woima pambali pa msewu ndiye amadziwa zochepa za mmene mpikisano ukuyendera. Galimoto imadutsa m'masekondi ochepa, fumbi n'kukuphimbani, kenako mumadikira mphindi zitatu kuti ina ibwere, ndipo kuti mudziwe amene akutsogola mumatulutsanso foni kuyang'ana manambala omwe aja. Chimene mumapeza kumeneko ndi chimene sikirini singapereke, ndicho phokoso lomveka m'chifuwa galimoto isanaoneke, ndi liwiro limene munthu wozolowera kutsika mosamala makona a msewu wa ku Chikwawa sangakhulupirire kuti n'lotheka pa dothi. Malo okonzera magalimoto nawonso ndi ofunika kuwaona, makamaka kwa amene amagwira ntchito ya umakaniko, chifukwa kumeneko anthu ochepa amasintha giyabokosi kapena mbali yonse ya kutsogolo kwa galimoto m'nthawi yoikika ya mphindi zosakwana ola, ndipo kuchedwa kulikonse kumabweretsa chilango cha nthawi. Ndi ulendo wochita kamodzi kapena kawiri pa moyo, wosungira ndalama chaka chathunthu, ndipo suthetsa funso la mmene mungatsatirire mipikisano ina yonse yotsalayo.

Amene Kenya yawatalikira angayang'ane ku African Rally Championship, mpikisano wa mu Africa umene unayamba mu 1981. Dziko la Zambia linachititsa gawo lake kwa zaka zambiri ndipo linatulutsa Satwant Singh, amene anatenga ukatswiri wa Africa kasanu ndi katatu, pomwe Conrad Rautenbach wa ku Zimbabwe anautenga mu 2007 ndi 2011, ndipo anayendetsaponso Citroën mu WRC. Magalimoto ake ndi a gulu lotsikirapo kuposa a Rally1 amene akatswiri a dziko lonse amayendetsa, koma malamulo, kuwerenga njira ndi fumbi ndi zomwezo, ndipo ulendo wa pa basi kudzera ku Mchinji ndi Chipata ndi wopepuka poyerekeza ndi wa ku Naivasha. Ndandanda ya mpikisanowu imasintha chaka ndi chaka, choncho muyambe mwatsimikiza tsiku ndi malo musanagule tikiti.

Ndikafunsidwa ndi mnzanga wa kuntchito amene wangoyamba kuchita chidwi, ndimamuuza kuti asalipire kanthu mipikisano itatu yoyamba. Asankhe dalaivala mmodzi womutsatira, atsegule manambala Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro, awerenge nkhani madzulo, aonere makanema afupi usiku, ndipo Lamlungu abwere kwathu tidzaonere limodzi Power Stage. Akadzafika poyang'ana ndondomeko yonyamukira Lachinayi usiku n'kunena yekha kuti wotsogola pa mapointi avutika mawa chifukwa msewu ndi wa dothi louma, pamenepo ndalama za Rally.tv zidzakhala ndi phindu kwa iye, ndipo ndi bwino ayambire pa mwezi umene muli Safari kapena Finland.